Mfundo ya mphira kunsi kwa galimoto

Biwi, Lilongwe
2 Malichi 2008

Okondedwa achemwali a Lena,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi ukuwalola kufika kudimba? Kuno tili bwino, kungoti mvula yasandutsa galaja yathu dambo, titati tidzale mpunga tikhoza kukolola.

Khalani pansi, nkhaniyi si yowerenga muli chiimire.

Sabata yatha mayi wina wa ku Area 25 anabweretsa galimoto, zochokera ku Japan zadzaza m'tauni zija. Kutsogolo kwa dalaivala kunkayaka kanyale kachikasu, kochenjeza kuti chida choteteza galimoto kuti isaterereke pamsewu wonyowa sichikugwira ntchito. Chidacho chimadalira sensa, kachipangizo kamene kamakhala kugudumu n'kumamva liwiro la tayala. Kompyuta inati sensayo yafa. Tinaika yatsopano, koma kanyale kali ngwee! Bwana wathu, a Greyson, anati tingochotsa babu, mayiyo apite mtima uli m'malo. Ndiwo mankhwala otchuka kuno: wodwala akabuula, mumtseke pakamwa.

Ine ndinakana. Si chifukwa cha satifiketi yakukoleji munaivinira ija ayi. Ndinakumbuka abambo ali pakhonde la golosale ku Namitambo, mawayilesi akufa atawazungulira. Paja ankati maso amanama, waya amafunsidwa ndi zala. Ndinalowa kunsi n'kuyamba kupapasa waya kuchokera kugudumu, pang'onopang'ono, monga munkasakira nsabwe m'mutu mwanga muja.

Pafupi ndi sipuling'i ndinapeza kachotupa. Wina analumikiza waya woduka n'kukulungapo mphira ya chubu cha njinga. Madzi analowa, mkuwa wonse n'kubiriwira. Vuto linali lomwelo. Koma achemwali, mfundo yake! Kuzunguliza kasanu, kubwerera kawiri, mchira n'kuupisa pansi. Mfundo ya abambo yeniyeni, ija ankamangira eriyo kunsungwi. Anaphunzitsa anthu awiri okha, ndipo ine galimotoyo ndinali ndisanaigwirepo.

Ndinadula kachigawo ka mfundoko n'kuwotcherera waya bwinobwino. Kanyale kanazima. Nditawafunsa mayiwo, anati analumikizitsa ku Mgona chaka chatha, kwa bambo wina wamanzere wokhala patsinde pa mango, amene amaimba likhweru akamagwira ntchito.

Dzulo ndinapita. Ndi iwowo, achimwene a Peterson, tawafunafuna zaka zisanu ndi ziwiri aja. Anenepa pang'ono, ndipo dazi layamba pomwe linayambira la abambo. Ndinangowaponyera kamphira kaja pamiyendo n'kuwauza kuti galimoto si wayilesi, asamatipangire ntchito anzawo a ku Biwi. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anati mwano ndinabadwa nawo. Tinaseka. Kenako tonse awiri tinayamba kudandaula za utsi wa kwa aneba kuti ukutilowa m'maso, chonsecho panalibe amene anasonkha moto.

Ali ndi mkazi, ndi mwana wamkazi amene anamutcha Lena. Musafulumire kudzitama, anamutcha choncho chifukwa cholongolola.

Kumudzi akuopa. Akuti uthenga wa maliro a abambo unawapeza patapita miyezi itatu, ndipo manyazi akhala akukula chaka ndi chaka mpaka aposa kutalika kwa msewu. Mukukumbuka tsiku anachoka lija, abambo atawalanda pulayazi wa chogwirira chofiira n'kunena kuti asadzagwirenso zida zawo? Mawu amenewo akadali nawo. Ndawauza kuti abambo ankawatchula mpaka m'chipatala, koma akuti ine ndimakometsa nkhani kuyambira ndili mwana. Pamenepo sakunama.

Pempho langa ndi limodzi. Awerengereni amayi kalatayi mosathamanga, atakhala pamphasa. Ngati mtima wawo walola, atulutse pulayaziyo m'sutikesi, mupatsire aliyense wobwera kuno Isitala isanafike. Musavutike ndi kuwalembera achimwene, mawu sawakhulupirira. Akalandira pulayaziyo, ndikudziwa kuti tikwera basi imodzi. Pulayaziyo akapanda kufika, ine sindiwakakamiza.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume a Mwamadi, azakhali ndi ana onse. Kamphira kaja ndakaika mu envelopu muno, mfundo yake sindinamasule. Amayi asangokaona ndi maso, apatseni m'manja.

Ndine mlongo wanu,
Herbert