Musatumizenso Makapasita

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, chifuwa cha mwana chija chinatha. Phukusi lanu linafika bwinobwino. Zikomo, koma makapasita musatumizenso.

Mukudziwa mmene bambo amanyadira timaampulifaya tokweza mawu a mahedifoni timene amapanga, tija tolowa m'thumba. Kuyambira tili ana akhala akutiuza kuti kapasita, kachipangizo kamagetsi koika m'kati mwake, amasankha ndi khutu, osati maso. Iyi imanenepetsa mabesi, iyi imaumitsa mawu ngati chitini, iyo imatulutsa ndi mpweya womwe wa woimba. Ife mbuli tinkangogwedeza mitu.

Chaka chino anayamba kudandaula kuti nyimbo zikumveka ngati zili m'madzi. Ati makapasita a masiku ano ndi achinyengo, n'chifukwa chake anakuvutitsani kuti mutumize a kumeneko. Amakhala pa tebulo lapawindo lija tsiku lonse, kuchotsa iyi, kuwotcherera ina, nyumba yonse fungo la mtovu. Makasitomala awiri abweza katundu, ati akulasa m'makutu. Ine nditayesa kumvera, mahedifoni ndinachita kuwataya uko. Eniake ati mawu akadali pansi.

Dzulo anaika yanu yofiira ija m'kaampulifaya kawo. Anavala mahedifoni, kutsinzina, mutu uku ndi uku. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iyi ndiye kapasita. Mwana wanga amadziwa kusankha."

Achimwene, batire la kaampulifayako linali m'manja mwanga. Anandituma okha kukalitchaja, ndipo ndinali ndisanawapatse.

Ndinakalirira kukhitchini, mpopi uli chotsegula, ngati kuti akanandimva. Kaya akunamiza ine, kaya akudzinamiza okha, sindikudziwa, koma ndili ndi mantha.

Nditatchula za chipatala anandikalipira, ati khutu limene ladyetsa banja zaka zonsezi silingapimidwe ndi kamwana ka dzulodzuloli. Ine amandiyesa wolongolola. Inu ndiye amakumverani.

Komatu osati pa foni. Mukamaimba, "eya, eya" wawo uja ngongoyankha. Mukadula amandifunsa kuti mwati chiyani, ine n'kuwalembera papepala.

Khutu lamanzere likugwirabe pang'ono munthu akakhala pafupi. Chonde bwerani mudzakhale kumanzereko, muwauze nokha zachipatalazi, nalonso lisanatseke.

Mundilonjerere alamu ndi ana. Ambuye akusungeni, akufikitseni kuno msanga.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamuti Kamlomo