Zimene Amuna Ako Ananena za Buku Lako

12 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kwa azakhali akowo. Kuno tilipo, kupatula bondo la amayi ako.

Ukudziwa kuti sindine munthu wa makalata. Ndalemba chifukwa cha banja lako. Tsiku lomwe unachoka unatiuza kuti sungakhale ndi mwamuna amene anawerenga buku lako latsopano, n'kulitseka, n'kupita kukasamba osanena kanthu, chonsecho pa wailesi amatama mabuku a alembi anzake onse. Ndinakuyankha kuti banja silitha chifukwa cha buku. Lero sindikudziwa.

Lachiwiri akamwini anabwera pakhonde pamene ndimasokera nsapato, atanyamula nsapato zawo. Ndinazitembenuza, ndinakoka soli, ndinayang'ana ulusi. Zinalibe vuto. Ndinawapatsa benchi.

Ndinati, "Akamwini, buku la mwana wangayu n'loipa?"

Iwo anati, "Bambo, likanakhala loipa bwenzi ndikupeza tulo."

Ndinawafunsa za mnzawo wadazi uja, amene pa wailesi anamutcha katswiri. Anaseka. "Ameneyo? Buku lake tinachirikizira mwendo wa tebulo. Iyenso langa amaphera mphemvu. Tikakumana timakumbatirana."

"Ndiye kuti mumatama zimene simukuzifuna?"

"Timatama munthu amene sitimuopa, bambo."

Kenaka anandiuza kuti gawo lija la m'buku lako, la mayi wochapa zofunda m'chipatala, analiwerenga ali chiimire, ndipo kuyambira tsikulo buku limene iwo akulemba sanalikhudzenso. Akuti mawu awo onse akuwaonekera ngati zovala zobwereka.

Ine sukulu ndinalekeza msanga. Pa ntchito yathu, mnzako akasoka bwino umamuuza kuti wasoka, basi. Zoti munthu n'kusirira chinthu mpaka pakamwa kuuma, sindikuzimvetsa. Amayi ako akuti ndi chikondi. Ine ndikuona ngati nsanje, mwinanso matenda. Kaya mwamuna wotere ndi woyenera kumubwerera, kaya ayi, nzeru zandithera.

Akamwini anandipempha kuti ndisakuuze. Sindinavomere, sindinakane.

Sindikukulamula kuti ubwere. Koma pali chinthu chimene chandikhala pamtima. Chaka chatha buku la amuna ako litatuluka, unalitama pamaso pa tonsefe mpaka chakudya chinazizira m'mbale. Ndinanyadira kuti ndinalera mwana waulemu. Tsopano ndikupempha kuti undiuze, ine ndekha, chimene unkatanthauza tsiku limenelo. Akamwini anandifunsa funso lomweli asananyamuke, ndipo ine ndinayang'ana pansi.

Amayi ako akupereka moni. Uperekenso moni wathu kwa azakhali ako. Amuna ako sanandipatse moni woti ndilembe. Anaima pachipata nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati kumeneko kukuzizira, poti juzi lako unalisiya pampando.

Ndine bambo ako.