Dzina la pa Tsamba Loyamba

Lobi,
Dedza.
21 Julayi 2024

Wokondedwa mng'ono wanga Elena,

Ndikudziwa kuti pongoona envelopuyi wayamba kale kutsonya, kuti kodi a Agatha ayamba liti kulemba makalata ngati mafoni kulibe. Tsonya, koma uwerenge mpaka kumapeto. Pa foni ndakulephera. Uthenga wanga umauwerenga, timizere tija timasanduka tabuluu, kenako zii. Ndiye kalatayi ndapatsira a Rafaelo amene akukwera basi ya ku Joni Lachiwiri, ndipo ndawauza kuti asachoke pakhomo pako usanaitsegule.

Kuno tili bwino. Chisanu chaka chino chatikhaulitsa, m'mawa choko chimachita kupulumuka m'manja ndikamalemba pa bolodi. Amayi mwendo uja ukuwavutabe koma kudimba sakusiya, ukawaletsa ndiye mwayambana. Mbatata yachita bwino, nyemba pang'ono. Pilira wanga ali Fomu 3, watalika kundiposa, ndipo pakamwa watengera iwe.

Nkhani yaikulu ndi yakuti ndamaliza. Digiri ija ndinayamba zaka zinayi zapitazo, yomaphunzitsa teremu yonse, tchuthi chikafika n'kunyamula chikwama kupita kukoleji, yatha. Chatsala n'kupereka buku la kafukufuku. Ndinayenda m'masukulu asanu ndi awiri a kumapiri kuno, kuona momwe ana a Sitandade 5 amasokonekera ndi masamu aphunzitsi akasiya Chichewa n'kuyamba Chingerezi. Masamba 86, ndipo ntchitoyo ndi yabwino, sindichita manyazi kunena. Ngakhale a Ndapeza, mayi amene amandiyang'anira pa kafukufukuyu, munthu wosaseka ndi pang'ono pomwe, anagwedeza mutu n'kuti, “Apa mwagwira ntchito.”

Koma abale, chimene chandizunza si masamba 85 enawo ayi. Ndi tsamba loyamba, la pamwamba penipeni, lija limanena mutu wa buku ndi mwini wake. Mawu ake sakwana makumi asanu, koma malamulo ake kuposa a Misa ya Pasaka. Pamwamba pakhale chizindikiro cha koleji. Pansi pake mutu wa kafukufuku, zilembo zazikulu zokhazokha, zakuda bii, saizi 14, pakati penipeni, wosapitirira mizere itatu. Udumphe mizere inayi, ulembe dzina lako ndi nambala yako. Udumphenso, ulembe chiganizo chonena digiri imene ukufuna, kenako dzina la wokuyang'anira, kenako mwezi ndi chaka. Kumanzere usiye mpata waukulu kuti pomata chikuto asadye mawu. Nambala ya tsamba isaoneke, ngakhale tsambalo limawerengedwa ndithu.

A Ndapeza anandibwezera tsamba limeneli katatu. Ulendo woyamba ndinalizunguliza timaluwa m'mbali, monga timachitira ndi matchati a m'kalasi. Analemba ndi inki yofiira kuti, “Iyi si khadi yaukwati.” Ndinaseka ndekha, ndinavomera. Ulendo wachiwiri mutu unatalika mpaka mizere inayi, ndiponso ndinaika kadontho kumapeto kwake, ati sikafunika. Ndinakonza. Ulendo wachitatu ndi umene wandilembetsa kalata ino. Pa dzina ndinalemba kuti ELENA A. MWAYI. Ka A kameneko ndinachita kukazembetsa, poganiza kuti sakaona. Anakazunguliza kawiri, n'kundiitana mu ofesi.

“Mayi Mwayi, A ameneyu wachokera kuti?”

Ndinati, “Ndi dzina langa lina, la ubatizo.”

Anatsegula kompyuta, anayang'ana, n'kuti, “M'kaundula mulibe. Pa tsamba ili dzina limalembedwa monga liliri m'kaundula, osawonjezera, osachotsa. Ngati pali wina mukufuna kumukumbukira, tsamba lachinayi lilipo, lopereka buku kwa okondedwa anu. Kumeneko lembani zakumtima kwanu.”

Loweruka ndinatsikira ku Boma kwa a Kalisto, bambo wa imvi amene amataipa ndi kupulinta kuseri kwa msika. Aphunzitsi onse a Dedza amene akuchita maphunziro amathera pa benchi yawo, ndipo malamulo a tsamba loyamba amawadziwa pamtima, koleji iliyonse ndi ake. Ka A kaja anakachotsa ndi chala chimodzi, thwa, dzina n'kudzikhalira pakati bwinobwino. Kenako ndinawapatsa kapepala ka tsamba lachinayi. Anataipa, anaima, anavula magalasi.

“Madamu, pepani. Anthu bukuli amapereka kwa makolo, kwa ana, ena kwa Mulungu. Inu mwalemba kuti wolemba ndi Elena Mwayi, ndipo mukulipereka kwa Elena Mwayi. Mwadzipatsa nokha?”

Pa benchi panali aphunzitsi awiri, anaphulika kuseka. Ine sindinaseke, komanso sindinachite manyazi. Ndinawauza zimene iwe ukuzidziwa kale. Kuti ine dzina langa ndi Agatha. Kuti mu 1998 ndinalemba mayeso a Sitandade 8, ndinakhoza, koma ku sekondale sanandisankhe. Kuti masiku amenewo aliyense ankanena kuti wobwereza sasankhidwa, ndiye chaka chotsatira ndinalemba ngati mwana watsopano, ndi dzina la mng'ono wanga amene anali Sitandade 6. Anandisankha. Kuyambira pamenepo satifiketi iliyonse, kalata ya ntchito, chitupa, zonse ndi Elena Mwayi. Ndipo mwini dzina atafika Sitandade 8, ahedi anaopa kuti dzina lomwelo likatulukanso pasukulu yomweyo zidzaululika, ndiye anamuuza kuti alembe ngati Tikondwe, mtsikana wina amene anasiya sukulu. Mng'ono wangayo anakana, anati iye sakhala munthu wina, anatuluka m'kalasi osabwereranso.

Pa benchi paja kuseka kunatha. A Kalisto anavalanso magalasi, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Madamu, inenso dzina la Kalistoli ndi la msuweni wanga. Ali ku Kasina, amaotcha njerwa.” Ndiye mmodzi wa aphunzitsi aja anayamba kuyang'ana pansi ngati wagwetsa singano. Iii, Elena, dziko lino tikadati aliyense abweze dzina limene anabwereka, m'maofesimu mukanasokonekera!

Koma kuchuluka kwathu sikuchepetsa mlandu wanga, ndipo pali chimene a Kalisto sindinawauze, chimene iwenso sukuchidziwa.

Zaka zonsezi wakhala ukunena kuti ababa anakugulitsa. Kuti anayang'ana ana awo awiri, n'kusankha wamkulu. Ndi mawu amenewo unachoka nawo pakhomo, ndi mawu omwewo unakana kubwera atagona m'chipatala mu 2015, ndipo pamaliro awo unangotumiza nsalu. Ine ndinkakumva, n'kukhala chete. Elena, ababa sanaganize zimenezo. Ndinaganiza ndine.

Tinali kumunda wa kuphiri uja, tikubandira chimanga, mayina a osankhidwa atangotuluka. Iwe unatsala kunyumba tsiku limenelo, unali ndi malungo. Ndinawauza kuti mnzanga wina wachita zotere ndipo zamuyendera, bwanji ine nditenge dzina la Elena. Anaimika khasu, anandiyang'ana, n'kuti, “Dzina la mwana wanga si khasu loti n'kubwerekana. Nanga iyeyo akadzafika adzalemba ndi chiyani?” Anakana. Patapita sabata ndinayambanso, anakananso. Ndinanyanyala chakudya masiku atatu, amayi mpaka kulira. Tsiku lachinayi ndinawauza bodza. Ndinati ndakufunsa, ndipo wavomera, wati sukulu sukuifuna kwenikweni, ukufuna kudzaphunzira kusoka. Anafunsa kawiri kuti, “Wavomera yekha?” Kawiri konse ndinati eya. M'mawa mwake anavala jekete lawo lija la kutchalitchi, n'kupita kwa ahedi.

Ukukumbukira tsiku unabwera kuchokera kusukulu mu 2001, utataya makope pabwalo, ukukuwa kuti ndani anakufunsa? Ine ndinali patchuthi, ndinaima pakhomo la khitchini. Ababa anatembenuka n'kundiyang'ana. Pamenepo ndi pamene anadziwa kuti ndinawanamiza. Ndinadikira kuti anditchule. Sananditchule. Anangoti, “Ndalakwa ndine, mwana wanga.” Ndipo mpaka kumwalira sanandifunsepo, ngakhale tili awiri. Ndikuganiza kuti anaona kuti mwana mmodzi wawatayika kale, ndiye sanafune kuti ana awiriwo atayanenso okhaokha. Ine ndinawalola kusenza katundu wanga zaka khumi ndi zinayi, ndipo atapita ndinapitiriza kubisala kumbuyo kwa manda awo. Zimandiwawa, Elena, zimandiwawa kwambiri, ndipo ndinali wamantha. Palibe dzina lina loti ndidzitchule.

Tsono usaganize kuti ndasanduka woyera. Ndinakafunsa ngati n'kotheka kusintha dzina pa tsamba lija. Ati n'kotheka, kulumbira kwa loya, kenako kuyamba kufotokoza za satifiketi iliyonse kuyambira ya Sitandade 8, mpaka fayilo yanga ya kuntchito. Ndinaganiza sabata yathunthu, ndipo sindichita. Ndili ndi ana atatu, ndipo ntchitoyi ndi imene ikudyetsa amayi. Sindikubisira, ndasankhanso ine mwini, monga ndinachitira kumunda kuja. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno ndikukuuza ndekha, ndipo palibe wina woti umunenere.

Choncho Lachisanu ndikupereka bukulo. Tsamba loyamba a Ndapeza alivomera, alembapo kachizindikiro kofiira kakang'ono pakona, kosonyeza kuti palibe cholakwika. Ndauza a Kalisto kuti apulinte lina lapadera pa pepala lolimba, ndi limene walipeza m'envelopumu. Uliyang'ane bwino. Mutu uli pakati, mipata ndi yolondola, palibe duwa ngakhale limodzi. Tsamba lachinayi ndalisiya momwe ndinalembera, aseke amene akufuna kuseka. Ukafuna kuling'amba tsamba lakolo, ling'ambe, ndi dzina lako, ndipo aka n'koyamba kuti ndikupatse mpata wonena chochita nalo.

Mwambo wolandira madigiri uli mu Novembala, tsiku lenileni ndidzakuuza. Amapereka makadi awiri olowera. Imodzi ndi ya amayi. Inayo bambo a Pilira avomera kale kuti adzadikira panja, ndi yako. Sindikuti ubwere kudzandiombera m'manja ayi, ndikukudziwa. Bwera ngakhale utakwiya. Bwera udzanditukwane pamaso, Chichewa sunaiwale. Iwe unali wanzeru kundiposa, masamu unkandithandiza uli makalasi awiri kumbuyo kwanga, ndipo ukanakhala iwe bukuli ukanalimaliza zaka khumi zapitazo. Zimenezi ndikuzidziwa, ndipo ndidzazinena pamaso pa aliyense amene ungafune.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi chokha. Mkwiyo umene wausunga zaka zonsezi uli ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali moyo, ali pa Lobi pano, amaphunzitsa Sitandade 5. Ubweretse kwa ine. Ukapanda kundiyankhulanso ndidzamva kuwawa, koma ndidzadziwa kuti ulendo uno walasa pamalo pake. Ababa uwamasule.

Undiperekere moni kwa alamu ndi kwa Tawonga, umuuze kuti amayi ake aakulu akufuna chithunzi chake cha yunifolomu. Pilira akuti azakhali a ku Joni amangowamva m'nkhani, ndamuuza kuti si azakhali, ndi amayi ake aang'ono, aphunzire kutchula anthu. A kwaya akukufunsabe, ati mpaka lero sanapeze woyambitsa nyimbo ngati iwe.

Amayi ndawawerengera kalata yonseyi masana ano, osadumpha mzere, ya kumunda ija ndi yomwe. Anapitiriza kusenda nyemba zawo. Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembere. Akuti moni. Akutinso kumanda tikalambula pa 2 Novembala monga mwa chaka chilichonse, ndipo pa manda a ababa iwo adzalima kumiyendo, ine m'mbali, koma udzu wa kumutu asaukhudze munthu. Akusiyira iwe.

Ndine mkulu wako,
Agatha