Mitengo ya Bulugama ndi Mphepo ya Bambo

Armadale, Perth
26 Febuluwale 2025

Okondedwa achimwene a Benedict,

Ndasankha kulemba chifukwa nkhani iyi pa foni tikanangodulana mawu, paja inu ndi ine timadziwana. Muli bwanji ku Nathenjeko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Msana uja unasiya kukuvutani? Ife kuno tilipo, ngakhale kuti sabata yatha bambo anatiopsa. Musadzidzimuke, panopa ali bwino, akudya, ndipo ayambiranso kukangana ndi wailesi.

Ndiyambire poyambira. Kuno ndi nyengo yotentha, kutentha koti kwa ku Nsanje n'kwamasewera. Bilu ya magetsi itabwera, alamu anu a Lamson anayamba kuiwerenga ali chiimire, anamaliza atakhala pansi. Kampani yogulitsa magetsi m'nyumba kuno ndi imodzi ngati kwathu, koma alipo makampani ena amene amaika sola padenga, munthu n'kumagwiritsa ntchito magetsi akeake. A Chilekwa, bambo wina wa ku Zambia amene timapemphera naye, amagwira ntchito yotereyi, ndipo anawakopa alamu anu. Ine ndinkafuna tikhalebe ndi kampani yakale, tingosinthira ku pulani ina imene magetsi amatchipa masana n'kudula madzulo. Nyumbayi sitinamalize kulipira, ndiye za kugula china sindinkafuna kuzimva.

Tinakangana masiku ambiri, nthawi zonse pa chakudya, Chichewa pang'ono Chingerezi pang'ono. Bambo ankangodya phee. Chibwerereni kuno amayi atatisiya, sanazolowerebe kudya patebulo limodzi ndi mkamwini, amangoyang'ana m'mbale mwawo. Ife tinkayesa kuti sakutsatira. Kani ankamva zonse, makamaka tikamati eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja, ndi imene ikudya magetsi kwambiri. Ndipo masana m'nyumba muno mumatsala munthu mmodzi yekha.

Zimene ankachita tazidziwa mochedwa. Tikangotuluka m'mawa, a Lamson ku ntchito, ine ku chipatala ku Murdoch, mwana wathu Tasha ku sukulu, bambo ankazimitsa eyakoni, fani, ngakhale kanyale kofiira ka pa TV, monga ankachitira kunyumba mayunitsi akatsala pang'ono kutha. Tikayandikira kubwera ankayatsanso. Ine n'kumadandaula kuti makinawa afooka msanga.

Lachitatu lapitalo kunatentha kupitirira madigiri 40. Ndinaweruka msanga chifukwa mutu unkandiwawa, ndipo ndinawapeza bambo atagona pa matailosi a kubafa, milomo itauma, osandizindikira bwinobwino. Achimwene, ine ndine namwino, ndaona zambiri, koma tsiku limenelo ndinaitana ambulansi ngati munthu wosadziwa kanthu. Kuchipatala anati m'thupi munatha madzi, ndipo anawagoneka.

Atatuluka anandiitanira kuchipinda kwawo n'kundiuza kuti ndiwagulire tikiti yobwerera kwathu. Anati mwamuna sakalambira pakhomo pa mkamwini, kudya chakudya chake n'kumamuwotcheranso ndalama chifukwa cha mphepo ya makina. Ndinawafotokozera kuti masana ndi pamene magetsi angatchipe, iwo anati kutchipa si ulere. Ndinalira, sindikubisirani. Mukukumbukira mmene ankakhalira okha m'nyumba muja, osaphika, mankhwala a BP kumwa akakumbukira. Inu muli ndi banja lanu ndi ana a sukulu oti muziwaphunzitsa, simungawalondere tsiku lonse.

A Lamson anayesa kulankhula nawo, koma zinakanika. Ananjuta pakhomo, anafunsa za moyo, bambo anayankha kuti ali bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene anatipulumutsa ndi a Chilekwa, eni ake osadziwa n'komwe. Anabwera Lamlungu kudzazonda wodwala, koma wamalonda ndi wamalonda basi, posakhalitsa anali atayamba za sola m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. Bambo anafunsa ngati dzuwa la kuno limalipiritsidwa. Kenako anafunsa kuti pamafunika mapanelo angati a sola kuti eyakoni yokha iziyenda masana. Atayankhidwa ananena kuti amenewo agula iwo.

Choncho mkangano wathu watha, ndipo wagonja ndine. Titenga sola.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ndikudziwa kuti ndi lolemera. Bambo akufuna mugulitse mitengo yawo ya bulugama ya kuseri kwa munda ija, ndalama zake mutumize kuno. Sindinaiwale kuti anakulonjezani kuti ndiyo mudzafolerere nyumba yanu, ndipo mwaidikira zaka zambiri. Iwonso sanaiwale, n'chifukwa chake akuchita manyazi kukuimbirani okha. Chonde musawakanize. Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene, ndipo iyi yagwera inu.

Ndalamazo mwina sizikwana ngakhale theka, koma a Chilekwa tawapempha kuti pamaso pa bambo asatchule ndalama zonse zofunika. Matabwa a denga lanu tidzagula ine ndi alamu anu, zimenezo zikhale pakati pathu. Musaganizenso zongowanamiza kuti mwagulitsa mitengo ili chiimire. Anena kale kuti adzaimbira anzawo aja a Msaiwale kuti akaone zitsa.

Podikira, bambo avomera kuti masana azikakhala ku laibulale ya kuno ku Armadale, kumene kumazizira ndipo salipiritsa munthu. Koma apereka mwezi umodzi wokha. Ukatha ndalama zisanafike, akuti ndigule tikiti, ndipo mukuwadziwa bambo akanena.

Dzulo ndinawamva akulankhula ndi a Lamson, koyamba popanda ine pakati. Anati, "Akamwini, zinthuzi zikaikidwa padengapo, muzibwera kudzapuma pa mphepo yanga. Sindidzakulipiritsani."

A Lamson anawomba m'manja n'kuthokoza mwaulemu wonse. Ine ndinathawira kukhitchini.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali a ku Mitundu, kwa amalume ndi ana onse pakhomopo. Tasha akupereka moni kwa asuweni ake, wanena m'Chingerezi koma ndi mtima wonse. Mukawerenga kalatayi mupite kaye mukaione mitengoyo, mukadandaule mokwanira, kenako mundiimbire.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Felesta