Mavoisi a Achimwene

Lolemba, 10 Juni

Katsamba kanga ka pa intaneti kayamba kudziwika. Nkhani ija ya "Foni yadzaza? Chitani izi" yafika mpaka ku Chipata. Wina walemba m'munsi kuti "mwatithandiza akulu." Ndakhala ndikuwerenga mobwerezabwereza ngati kalata ya chibwenzi.

Pa benchi langa lokonzera mafoni pa Kamwendo panali pikitipikiti. Kunabwera alamu a Stelia, akazi a malemu achimwene a Benedicto, pa kabaza kuchokera ku Mlonyeni. Foni yawo yadzaza, ikukana kulandira zithunzi. Ine manja ali m'foni ya kasitomala. Ndinangoti, "Zonsezo ndinalemba kale pa tsamba langa, alamu. Ndakutumizirani linki, mukangotsatira." Anathokoza n'kumapita. Kunena zoona, ndinamva kukoma kuti ngakhale abale akuwerenga zanga.

Lachitatu, 12 Juni

Alamu aimba foni, mawu ali phee. Akuti foni yapepuka ndithu, zikomo. "Koma mavoisi a bambo a Imelda aja ndiwapeza pati?"



Achimwene sankalemba mauthenga, ankati zala zawo n'zazikulu. Ali ku esiteti ya fodya ankangojambula mawu n'kutumiza. Onse anali m'Watsapu ya alamu. Ndipo m'nkhani yanga ija ndinalemba kuti: fufutani Watsapu, muyiikenso, zonse zibwerera zokha. Zimabwereradi pa foni YANGA, chifukwa imasunga zinthu pa intaneti. Ya alamu siisunga. Ndine ndemwe ndinawazimitsira zimenezo kuti bandulo isamathe msanga.

Ndawauza kuti atumize foniyo ndione. Ndinayankhula ngati kanthu kakang'ono. Wabodza iwe Chipiliro.

Lachinayi, 13 Juni

Foni yabwera ndi wakabaza, yokulunga m'kansalu. Ndafufuza m'kati, ndafufuza m'memore khadi, ndayesa mapulogalamu onse amene ndimawatama pa tsamba. Chabwerera n'chithunzi chimodzi cha mbuzi basi.

Foni ya achimwene inasowa pa maliro. Ndinati mwina m'yanga muli kavoisi kawo. Mulibe. Ndinkafufuta. Uthenga wanga womaliza kwa iwo ndi uwu: "Muzilemba achimwene, mavoisi amadya bandulo."

Sindinadye.

Loweruka, 15 Juni

Ndakonza nkhani ija, ndaika chenjezo la zilembo zikuluzikulu. Kaya ndi angati ena amene anatsatira kale. Laston wa pa babashopu anakuwa, "Injiniya wathu wa pa intaneti!" Ndinawerama ngati ndagwetsa kasikulu ka foni.

Lamulungu, 16 Juni

Kutchalitchi sindinapite, kuopa kukumana nawo. Masana ndinamva amayi akuuza anzawo kuseri kuti Stelia amamvetsera voisi imodzi m'mawa uliwonse asanapite kudimba. Akuti sabata ino akungodzuka n'kukhala pakhonde. Amayi sakudziwa kuti ndi ine. Alamu sanauze munthu. Bola akanandilalatira pamsika, anthu onse akumva.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndatseka benchi, ndapita ndekha ku Mlonyeni nditatenga foni yawo ija. Ndinawapeza akusenda mtedza. Ndinakhala pansi, mpando ndinaukana. Ndinawauza zonse: kuti mavoisi sabweranso, kuti iwo anatsatira bwinobwino, wolakwa ndine amene ndinalemba zinthu ndikuganiza foni yanga yokha.

Anapitiriza kusenda. Kenako anati, "Ndinadziwa Lachinayi, mutapanda kutumiza mawu." Sananene kuti palibe kanthu, ndipo sanandiyang'ane.

Patapita nthawi anati voisi imodzi ija amaidziwa pamtima, koma akamainena okha siimveka. "Inu mawu anu ndi a akulu anu enieni. Mukamaseka kuseri kwa nyumba ndimadzidzimuka. Tsegulani chojambulira."

Ndinakana, ndinati sindingathe. Anati, "Kulemba munatha."

Ndiye anayamba kundiphunzitsa mawu a m'voisi ija. "Make Imelda, ndafika bwino. Kuno kukuzizira koopsa, juzi ija ndaiiwala pa chingwe. Musaibwereketse kwa Chipiliro, sabweza ameneyo." Dzina langa lomwe. Ine osadziwa kuti m'mawa uliwonse ndimatchulidwa pakhomo pano.

Ndinanena. Anati ndathamanga, achimwene sankafulumira. Ndinabwereza. Anati pa "chingwe" pamakhala kachifuwa pang'ono, kenako kuseka. Kutsokomola ndinatha. Kuseka kunandikanika, ndinaimitsa chojambulira. Anandidikira. Ndinayesanso mpaka anasiya kundikonza.

Anatenga foni, anaiika pakhutu, anamvetsera mpaka kumapeto atatseka maso. Anati si achimwene, koma mawa kudimba apita.

Kenako analowa m'nyumba, anatuluka ndi juzi yabulauni ija n'kundiika pamiyendo.

"Kukuzizira pa kabaza. Mubweze."