Dzungu la Maren musalitaye

Mlamu Delia,

Pepani, mabisiketi a sinamoni apserera. Makala mukuwaona m'thireyiwo ndi omwewo. Mawindo ndasiya otsekula chifukwa cha utsi, mutseke.

Mabisiketi ali mu uvuni, mwana wanga Wren anapita pakhonde kukasankha dzungu loti tisemepo nkhope yokongoletsera pakhomo. Anabwera ndi lija amayi ake, Maren, analilemba ndi msomali mu Julaye, lidakali lanthete m'dimba, iye asanatisiye. Dzungu lakula, zilembo zakenso zakula nalo: "WREN WANGA". Koma kunsi kwake layamba kufewa. Mwana anadina ndi chala n'kundifunsa kuti, "Adadi, zolemba za amayi ziwolanso?" Ndinangokhala pansi, uvuni n'kuiwala.

Ndapita naye kufamu kukagula lina loti aseme. Tibwera cha m'ma folo.

Dzungulo lili m'filiji, ndatulutsa mkaka wanu kuti likwane. Chonde musalitaye, ngakhale liyambe kununkha. Ine uja ndimadzitama kuti palibe chinthu chondikanika, lero ndagonja. Mwana wa zaka zisanu ndimuuze bwanji kuti sabata yamawa lidzakhala litawoleratu? Ndithandizeni kuganiza tisanabwere. Ine mawu andithera, ndipo Maren anali mng'ono wanu.

Callum