Obadwira ku Ukwimi

Lachiwiri, 8 Novembro 2016

Fíngoè, kutentha koopsa. Ku ofesi ya bungwe lathu la obwerera kwawo kwafika mayi Zeferina a ku Malowera, fumbi mpaka m'mawondo. Akufuna mwana wawo Otília, wobadwira ku kampu ya Ukwimi ku Zambia. Pobwerera kuno mayiwo anadwala, khanda n'kupita ndi azakhali ake pagalimoto ina. Basi, mpaka lero.

Ivandro, mwana wa mlongo wanga, ndiye anatipangira programa yofufuzira achibale. Dipuloma ya ku Beira, nsapato zosongoka. Walemba dzina. Kagudumu pa komputadori kuzungulira, kuzungulira, rede ya intaneti n'kuthawa.

Mayi aja: “Musaikalipire, mwanangu. Mwina ikufunsa khomo ndi khomo.”

Lachitatu, 9 Novembro

Zoonadi ikufunsa khomo ndi khomo. Ivandro wavomera, nkhope ili gwa. Programa ikapita ku nkhokwe ya mayina imatengako munthu mmodzi, n'kubwereranso kukafunsa mudzi umene anabadwira, kenaka wachiwiri chimodzimodzi. Kutunga madzi ndi chikho, mtsuko uli pomwepo. Ku Ukwimi tinkatero pa mzere wa ufa, koma ife inali njala.

Mayi akusenda mtedza pakhonde. Andikumbutsa nyimbo ina ya kukampu. Mawu ndinaiwala, misozi yokha ndiyo ikudziwa njira.

Lachisanu, 11 Novembro

Chikondwerero. Funso limodzi tsopano: anthu ndi midzi yawo, zomangidwa pamodzi. Ivandro akundiitana: “Titiyo, penyani! Ngakhale ku Maputo sakwanitsa izi.” Walemba Otília. Ndisanaphethire, yankho: palibe.

Kufulumira kotere pokana munthu. Ngakhale ku boma amayamba akuuza kuti ubwere mawa.

Mayi amanga mtedza wawo pansalu, theka atisiyira. “Bola ndadziwa. Ndikauze abale timulire.” Akwera kamyau, lole wa amalonda, womaliza mvula isanatseke njira.

Lolemba, 14 Novembro

Mvula kuyambira Loweruka. Ofesi mulibe munthu. Posowa chochita ndalemba dzina la mwana wanga Bibiana, wobadwira ku Ukwimi. Palibe. Bibiana amene m'mawa uno wandikalipira za malaya onyowa!

Ndayesa Horácio wokonza njinga pamsika. Palibe. Iyenso wa ku Ukwimi.

Lachiwiri, 15 Novembro

Ivandro wafufuza, wapeza vuto. Midzi imene anaika m'nkhokwe ndi ya boma lathu la Marávia yokha. Funso lake latsopano limatulutsa okhawo amene mudzi wawo wobadwira ulimo. Aliyense wobadwira kuthengo, m'njira, kukampu, amagwa panja mwakachetechete. Yochedwa ija inkawatulutsa, malo a mudzi n'kusiya opanda kanthu. Mbadwo wonse wa nkhondo, mphwanga waufafaniza kuti tsamba litseguke msanga.

“Koma liwiro lokha linali bwino, titiyo.” Linalidi bwino.

Wasintha mawu awiri. Bibiana wabadwanso. Horácio nayenso.

Ndipo Otília, wobadwira ku Ukwimi, mayi ake ndi Zeferina. Analembetsa yekha chaka chatha kudzera ku tchalitchi cha ku Chiputo. Ana awiri. Akufuna amake.

Lachitatu, 16 Novembro

Kwa mayi Zeferina kulibe foni. Mwambo wolira anati auchita Lamulungu likudzali. A mota, onyamula anthu pa njinga zamoto, onse akana kutitenga, ati mitsinje yadzaza, ndipo okumba golide amalipira bwino kuposa ife.

Horácio wandibwereka njinga. Ivandro ati apita nane. Ndamuuza avule nsapato zija.

Mawondo angawa sanayende njira imeneyo chibwerereni ku Zambia. Ngati mtsinje woyamba utilola, tifika Lamulungu lisanakwane.